Tsiku Limene Ndinadzutsa Alamu Pampando

Senderani kuno ana inu, ndipo lichero libwere pakati. Makutu azimva, manja azisenda nsawa, chifukwa mitambo ija yayamba kuda ndipo mbewu siidikira nkhani za nkhalamba. Iwe Yamikani, zolowa m'kamwa zachuluka kuposa zogwera m'lichero, ndikukuona.

Chisomo mkazi wanga, dzulo ndinakumva ukudandaula kwa amako kuseri kwa nkhokwe. Umayesa makutu a agogo ako anafa? Anafa ndi maondo okha. Unati, "Bwanji Dalitso akataya mbale samenyedwa, koma ine ndikangochedwa kuchitsime ndimakalipiridwa?" Funso lako ndi labwino, ndipo woyankha ndine, chifukwa munthu amene anammenyapo Dalitso kwambiri pamudzi pano ndi ine ndemwe.

Inu mwandipeza nditaphwa. Kale anthu ochokera kuno ku Mkaika mpaka ku Sinda ankabweretsa ng'ombe zawo zazing'ono kwa ine kuti ndiziphunzitse goli. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Sinda komweko kwa mkulu wina, aZulu. Ndinapita wapansi, tsiku lathunthu, chimanga chokazinga ndi nsawa zili pakansalu, madzi ndikumwa m'madambo. Inu lero mukakwera minibasi mumadandaula kuti mwathinana. Pobwerako ndinali ndi chikoti changa chopota ndekha, cha chikopa cha nkhunzi, chofewetsa ndi mafuta a ng'ombe. Chikalira kumunda, anthu a kutsidya ankadziwa kuti aPhiri ayamba kulima. Ana anga onse anachilawa. Ukafunse amako, Chisomo, akuuza mmene chinkakomera. Sindinkaona cholakwa. Atate anandilera choncho, ndipo ndinkati ng'ombe ndi mwana njira yake ndi imodzi.

Ndiye kunabadwa Dalitso, mwana wa Esinati, mwana wanga woyamba amene inu mumati amayi aakulu. Bambo wake anapita ku Lusaka mwanayo akukwawa, ndipo za iye tisataye nazo malovu. Dalitso anakulira pakhomo pano. Ali ndi zaka zitatu, ukamuitana sankakuyang'ana kumaso. Maso ake ankakhala pansi kapena pambali. Mukudziwa kuti kwathu kuno mwana wotong'olera maso munthu wamkulu ndi wamwano. Ndiye amayi a kutchalitchi ankati, "Koma mwana wa aNaphiri waleredwa! Kamwana kakang'onong'ono, ulemu ngati mpongozi." Ine nkumadzitukumula, kumati ndi mwambo wa pakhomo panga. Kusalankhula kwake tinkati achedwa chabe, alipo ana otero. Zaka ziwiri zinapita tikuyamikira chinthu chimene tinayenera kufunsa.

Atafika zaka zisanu, kuyamikira kuja kunatha. Amake akapita naye kuchigayo ankatseka makutu nkumakuwa mpaka anthu kusiya matumba kudzaonerera. Ankataya mbale ya chakudya popanda womuputa. Nthawi zina ankamenyetsa mutu kukhoma, ukamugwira nkukuluma. Anthu sasowa chonena. Ena anati bambo wake anamuika m'zizimba za bizinesi ku Lusaka. Agogo anu aakazi, aNabanda, anapita naye kwa asing'anga, ndipo mphini zake zikuonekabe pachifuwa. Ine ndinati palibe mankhwala apa, uwu ndi mwano wongochedwa kumera. Ndinayamba ndi kakamtengo ka pichesi, kenaka lamba. Chodabwitsa nchakuti mwana wina ukamukwapula, mawa amaopa kubwereza. Dalitso ankabwereza tsiku lomwelo, ndipo mokulirapo.

Tsopano tamverani za mpando. Uwo uli apowo pambali pa nkhokwe, wa mlombwa. Ndinausema ndekha Esinati asanabadwe, kuti ukhale wa alendo. Kale pakhomo popanda mpando wa alendo panali pochititsa manyazi, osati lero pamene mumangokoka mipando ya pulasitiki ija yothyoka munthu akangoseka. Dalitso anaukonda mpandowo. M'mawa uliwonse ankaukokera pambali pa nkhokwe, kuuyang'anitsa kukhola, nkukhalapo akuzunguza kaluzi pafupi ndi maso ake mpaka ng'ombe zitatuluka. Alendo akabwera, agogo anu ankamunyamula nkupereka mpando kwa eni ake, ndipo nkhondo inkayambira pomwepo. Zinachitika kangapo, koma palibe mmodzi wa ife anaona kuti mpando ndi kukuwa zikuyendera limodzi. Tinkangoti mwanayu amadana ndi alendo.

Nthawi ya masika, chaka chimene Dalitso anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kunabwera alamu anga aBanda, achimwene awo a agogo anu, ochokera kutsidya la malire ku Mozambique. Munthu wolemekezeka, mwini mbumba yonse ya pano. Agogo anu anamuchotsa Dalitso pampando, alamu nkukhala, chikho cha thobwa nkufika m'manja mwawo. Dalitso anakuwa, nawakankha. Thobwa yense anathera pajekete. Alamu atamugwira mkono, anawaluma dzanja mpaka magazi.

Alamu sanakalipe. Anangopukuta jekete nati, "Alamu, ng'ombe za eni mumaziwongola, koma za m'khola mwanu zakukanikani? Kuwongola mtengo mpoyamba."

Manyazi anandigwira. Ndinasolola chikoti patsindwi. Sindikubisirani ana inu, ndinamukwapula mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi chikoti cha ng'ombe, kanayi. Sanathawe. Anangodzipinda pansi atagwira mwendo wa mpando.

Esinati anali kumunda wa thonje. Atabwera nkuona mikwingwirima pamsana pa mwana wake, sanalire ndipo sanakweze mawu. Anamusambitsa ndi madzi ofunda, namugoneka. Kenaka anakatapa nsawa zake za mbewu m'nkhokwe, nazithira m'thumba, nalisoka pakamwa, naliimika kuseri kwa chitseko. Anadzagwada patali pang'ono ndi ine.

"Atate," anatero, "thonje langa ndikolola, ndigulitsa. Lole ya anthu a ku Vubwi ikabwera ku Kulamba, pobwerera itinyamula ine ndi mwana wanga. Tikakhala kwa azakhali. Mbewu yanga ndikadzala kumeneko."

"Ukundiweruza ine atate wako?"

"Iyayi atate. Ndikungochotsa chimene chikukuchititsani manyazi."

Azakhali akewo ndi mlongo wanga, amene amagulitsa nsalu kumalire. Ndinadziwa kuti akamulandira, ndipo ndinadziwanso kuti Esinati akanena chinthu sabweza, anatengera ine. Kulamba, mwambo wathu waukulu wa kuno ku Mkaika, kumachitika kumapeto kwa Ogasiti. Ndinali ndi miyezi inayi.

Masiku oyamba ndinakwiya basi. Koma panali chinthu china chimene chinkandidya. Kale ndikamapita kukhola, Dalitso ankanditsata chapatali, osalankhula, kaluzi kali m'manja. Sindinkadziwa kuti ndinazolowera timapazi timeneto kumbuyo kwanga. Tsopano akangomva kutsokomola kwanga ankabisa mutu m'chitenje cha amake. Ng'ombe zinkandidziwa, agalu ankandidziwa, mdzukulu wanga yekha nkumandiona ngati chilombo. Zinandiwawa kwambiri.

Esinati anamva kusikelo kuti ku Katete kuli amadamu ena ophunzitsa ana otere. Ine ndinakana kupita. Agogo anu anati, "APhiri, dzanja lomenya linali lanu, ndiye makutu okamva akhalenso anu." Mukuwadziwa agogo anu akayamba. Tinapita pangolo, chifukwa wailesi ya m'minibasi Dalitso sangaipirire.

Amadamuwo anali kamtsikana, kakang'ono kuposa Esinati, katavala buluku. Mumtima ndinati, aka kandiphunzitsa chiyani? Koma mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Sanamugwire Dalitso, sanamukakamize moni. Anakhala pansi chapatali, natenga kachingwe nkumazunguza monga iye. Patapita nthawi anatembenukira kwa ine, ndi Chinyanja chawo cha m'tauni chija.

"Agogo, uyu mwana ali na otizimu. Si mwano, si ufiti, ndipo si matenda yakuti amwe mapilisi apole iyayi. Anabadwa chabe so. Vinthu vamene ise timvela pang'ono, yeve vimamubaba maningi, chongo, kumugwila mwadzidzidzi, kumuchinjila vinthu vamene anazolowela. Alibe mau yokuuzilani. Manje nifunseko, akalibe kuyamba kukuwa, chimachitika ni chani?"

Ndikanatha kuwauza zonse zimene amachita akayamba, mbale zingati, mano angati. Za asanayambe sindinayang'anepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Pobwerera, ngolo ikugwedera pamsewu wa fumbi, ndinakumbukira Kapiteni. Imeneyo inali ng'ombe yoyamba imene aZulu anandipatsa ku Sinda kuti ndiiphunzitse. Tsiku lina inagona pakati pa mzere. Ndinaikwapula, osadzuka. Ndinaikwapulanso mpaka thukuta. AZulu anabwera, nandilanda chikoti, natukula goli. Pakhosi panali bala lalikulu, ntchentche zili ng'waa. Anati, "Mnyamata iwe, ng'ombe ilibe pakamwa poti ikuuze. Ikagona, yamba wayang'ana pansi pa goli." Zaka makumi anayi ndinasunga mawu amenewo. Ng'ombe iliyonse ya eni ikavuta, ndinkayamba ndaipapasa pakhosi, kuyang'ana ziboda, kuona ngati yadya.

Usaseke Yamikani, sindikunena kuti Dalitso ndi ng'ombe. Ndikunena kuti ine agogo ako ndinali ndi chifundo chachikulu pa ng'ombe za anthu kuposa pa mdzukulu wanga. Pangolo paja ndinalira, ndipo ndinanamizira fumbi.

Miyezi yozizira yonse ndinaithera kuyang'ana. Ndinkakhala chapatali ngati ndikukonza goli, diso lili pa iye. Ndinaona kuti mbale amataya ikakhala ya chitsulo ija yolira supuni ikakhudza. Ndinaona kuti ukamudzera kumbuyo nkumugwira phewa amaluma, koma ukadzera kutsogolo nkutambasula dzanja, amabwera yekha. Ndinaona kuti mawu ambiri amamusokoneza, ndipo agogo anu, amene amatha kunena "bwera udye" m'mawu makumi atatu, anavutika kuposa tonse. Tinayamba kumuonetsa zinthu. Chingwe cha ng'ombe chikaoneka, ndiye kuti tikupita kukhola. Kapu yake yobiriwira, ndiye kuti ndi nthawi ya kudya. Kuchigayo anasiya kupita. Ndipo ndinaona za mpando, mochedwa ngati munthu wopusa.

Zikamugwira ndithu, chifukwa zimamugwirabe mpaka lero, tinaphunzira kuchotsa mipeni ndi moto pafupi, kuika thumba la thonje pakati pa mutu wake ndi khoma, nkukhala chete pambali. Pa nthawi imeneyo samva kanthu, ngakhale mutabwera ndi abusa. Koma zikatha, akapuma, mbale imene anataya amaitola yekha. Apa mpamene uyenera kumvetsetsa, Chisomo. Tsiku loyamba ndinakhala naye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndikungoloza mbale nkunena mawu amodzi, "Tola." Ng'ombe zinachedwa kubusa tsiku limenelo. Anatola. Akaluma munthu, amakatunga madzi nkumutsuka pabalapo. Iwe umaona kutaya kokha, kenaka umathamangira kukasewera fulaye, kutolako sukuona. Mwambo ali nawo, kungoti wake umatenga nthawi, ndipo wotopa nawo ndi wamkulu.

Esinati ankaona zonsezi, koma thumba lija silinasunthe kuseri kwa chitseko. Ndikalowa m'nyumba mwake ndinkaliona, lili chilili. Ndinadandaula kwa agogo anu kuti mwanayu mtima wake ndi mwala. Iwo anati, "Akudikira tsiku la alendo. Mukakhala nokha ndinu wofatsa, aPhiri. Chimene chimakukwezetsani dzanja ndi maso a anthu."

Kulamba kunafika. Mukudziwa mmene kumakhalira kuno, malole m'misewu, fumbi, ng'oma kumveka kuchokera kubwalo usana wonse, nyumba iliyonse yodzaza abale a ku Malawi ndi ku Mozambique. Lole ya ku Vubwi inaima pamsewu apo pali mtengo wa mthethe. Dalitso anali atavutika kale masiku awiri ndi phokoso, tinali titamumanga kansalu kumakutu. Ndinakonzeka. Ndinatulutsa mpando wanga wa ndalema, ndinauza agogo anu kuti alamu akafika akhale pamenepo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Alamu anafika m'mamawa ine ndili kukhola, agogo anu ali kuchitsime. Dalitso anali atangonyamuka kukatenga kaluzi kake. Alamu anaona mpando wa alendo uli pamthunzi wopanda munthu, nakhalapo. Analakwa chiyani? Ndi mpando umene akhala akukhalira zaka makumi atatu.

Ndikutuluka m'khola ndinamva kung'ung'udza kuja kumene Dalitso amayamba nako. Anali ataima patsogolo pa alamu, manja akukupiza, kenaka nkuyamba kudzimenya m'makutu. Pabwalo panali anthu oposa khumi, ena akumwa tiyi, ena akutsuka kumaso. Onse anasiya. Esinati anaima pakhomo pa nyumba yake, ndipo kumbuyo kwake ndinkaliona thumba.

Alamu anati, "Wayambanso. Alamu, chikoti chija chili kuti? Musatichititse manyazi pamaso pa alendo."

Chinali patsindwi pomwe paja, mapazi atatu kuchokera pamene ndinaima. Ndinene zoona, dzanja linanyerenyetsa. Linkaidziwa njira lokha.

Ndinapita kwa alamu, ndinanjuta pansi, ndinaomba m'manja monga munthu wodzapempha chinthu chachikulu.

"Alamu, pepani. Tanyamukani pampandopo. Ndi wa mwanayo."

Ana inu simungamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Kwathu kuno kudzutsa mlendo pampando ndi kumupirikitsa pamudzi. Nanga mwini mbumba, pamaso pa anthu, chifukwa cha kamwana? Mayi wina wa ku Malawi anagwira pakamwa.

"Mwati bwanji?" anatero alamu.

"Ndati nyamukani, alamu. Uwo wa ndalema ndi wanu, ine ndikhala pansi. Mwanayu sakuchita mwano. Mpandowo ndi umene umamukhazika mtima, ndipo mawu oti akupempheni alibe. Ndiye ndikumupemphera ine."

"Ine kudzukira mwana? Pamudzi pa mlongo wanga?"

"Mbumba ndi yanu, alamu, ndipo uyunso ndi wanu. Mundilipitse mbuzi ngati mufuna, koma nyamukani."

Alamu ananyamuka, natola chipewa ndi ndodo yawo, natuluka pabwalo osatsazika. Wa ndalema uja sanauyang'ane nkomwe. Anakagona kwa anthu ena, ndipo mvula inagwa kawiri asanandipatsenso moni. Agogo anu analira, chifukwa ndi achimwene awo. Musaganize kuti zinali zaulere.

Dalitso anagwira mpando wake, naukokera pamalo pake penipeni, pamene miyendo yake inakumba kale timaenje, nakhalapo. Anapitiriza kudzimenya pang'ono, kenaka kung'ung'udza kokha, kenaka kaluzi kanayamba kuzungulira. Ine ndinakhala pafumbi pambali pake, ndi buluku langa latsopano la ku Kulamba, alendo onse akundiyang'ana. Manyazi analipo, sindikana. Koma sanandiphe.

Thumba lija linakhalabe kuseri kwa chitseko tsiku limenelo ndi lotsatira. Mwambo utatha, m'mawa, lole ya ku Vubwi inaliza hutala pamsewu. Anthu anayamba kuthamanga ndi mitolo. Ndinali kukhola, ndipo ndinaona Esinati akutuluka m'nyumba atasenza thumba lija pamutu. Ndinagwira mzati wa khola. Ndinati basi, ndinachedwa.

Anadutsa pabwalo. Pofika panjira yopita kumsewu sanakhote. Anapita kunkhokwe, natula thumba, nadula ulusi ndi mpeni, nakhuthulira nsawa zonse mkati. Anakung'untha thumbalo, nalipinda bwinobwino. Ndiye anatembenukira kukhola nakweza mawu.

"Atate, mvula ikagwa muyambire munda wanga. Chaka chatha munandichedwetsa."

Ndinati, "Ndamva, mayi." Ndinakhala pansi m'khola momwemo, pandowe, nkupuma ngati munthu amene watula katundu wa ulendo wautali. Lole inaliza hutala kachiwiri nkunyamuka.

Papita zaka zisanu tsopano. Nsawa mukusendazi ndi zidzukulu za nsawa za m'thumba lija, ndiye Yamikani uzidya mwaulemu. Chikoti mukuchidziwa, ndi chija chimamanga chitseko cha khola, ndipo ntchito imeneyo chikuigwira bwino. Alamu anabweranso chaka chatha atanyamula kampando kawo kopinda panjinga, ndipo sitinakambepo kanthu.

Ndiye Chisomo, ukachedwa kuchitsime amako azikukalipira ndithu, chifukwa iwe pakamwa uli napo, ndipo chimene chimakuchedwetsa tonse tikuchidziwa. Koma ukadzaona mbale ikuuluka, usathamangire kufunsa kuti amenyedwa liti. Uziyamba wayang'ana chimene chachitika isanauluke.

Taonani, uyo akubwera ndi chingwe, nthawi ya ng'ombe yakwana. Mpaka lero sanandilolepo kukhala pampando umenewo, ine amene ndinausema. Malo anga ndi pansi, pambali pake. Koma kaluzi kakamutayika, amatambasula dzanja nkumapota imvi zangazi, mutu wa munthu wamkulu umene mwana sayenera kuugwira. Ndigwire dzanja ndidzuke, Chisomo. Sakonda kudikira.